Jombo za Zuze

Ine si munthu woyendayenda. Kubadwa ndinabadwira kuno ku Chikwawa, kukwatiwa konkuno, ndipo ku Blantyre ndinakwerako kamodzi kokha, ndikusanza njira yonse ya m'mapiri muja. Koma Mulungu akafuna kukuyendetsa safunsa ngati galimoto imakuyanja. Chaka chotsatira chisankho cha matipate ndinapezeka ndadutsa malire mpaka ku Mozambique, tambala ali kukhwapa, ndikuperekeza mwana amene sindinam'bereke.

Mwanayo ndi Zuze. Anafika pakhomo pathu nkhondo ya kwawo ili pafupi kutha, kudzapempha ganyu yotola thonje. Anali wowonda ngati phesi la mapira, malaya ong'ambikang'ambika, koma kumapazi atavala jombo zachisilikali, zakuda, zazikulu. Bambo akunyumba anati agone m'khitchini sabata imodzi. Sabatayo inasanduka zaka. Tinadziwa pang'onopang'ono kuti anthu amfuti anamugwira ali mnyamata akudyetsa mbuzi, n'kukhala naye kutchire mpaka anamera ndevu, kenako anathawa. Iye ankati mama, ine ndinkati mwananga. Chondivuta chinali chimodzi, jombozo. Kumunda ali nazo, kutchalitchi ali nazo, pogona ali nazo. Posamba ankavula imodzi, kutsuka phazi, kuvala, kenako inzake. Ndinalankhula mpaka ndinatopa.

Mtendere utabwera, bambo wina wa mumpingo mwathu anapita kukaona abale ake cha ku Mutarara, ndipo anabwerako ndi uthenga. Mayi ake a Zuze ali moyo, koma maso anachita khungu. Atauzidwa kuti mwana wawo ali ku Malawi anakana. Akuti anati, “Wanga anafa, maliro tinalira. Ngati kuli wina wodzitcha Zuze, abwere ndimumve. Koma msilikali salowa pakhomo panga.”

Zuze analeka kudya. Tsiku lina ndikupeta mapira anadzakhala pambali panga n'kunena kuti, “Mama, akandidziwa bwanji? Ndinachoka mawu ali a kamwana, iwo maso alibe. Mukandiperekeze, mwina inu akakumverani.”

Ndinapemphera, bambo anavomera, ndipo ndinamanga kakatundu: mchere, chitenje chatsopano cha mayiwo, ndi tambala wathu wofiira, poti kwa eni ake supita chimanjamanja.

Tinakwera minibasi pa Dyeratu m'mawa. Kondakitala ataona tambala anati, “Amayi, uyunso alipira?”

“Akhala pamiyendo panga,” ndinatero. “Kodi ana a pamiyendo mumalipiritsa?”

“Mwana wanuyo ndiye wafanana ndi bambo ake,” anatero, anthu n'kuseka.

Tisanafike pa Nchalo, nzimbe zili mbali zonse, tambala anakweza khosi n'kulira pakati pa minibasi. Sindinaone mmene dzanja la Zuze linafikira. Ndinangoona wagwira kale mlomo wa nkhukuyo, mutu waweramitsa, maso ali pawindo. Kenako anachita manyazi n'kusiya.

“Pepani mama. Kutchire tambala ankadyedwa tsiku lomwelo. Thadzi tinkatha kuyenda nalo, koma tambala amaulula pamene mwabisala.”

“Uyu ndi wa mayi ako,” ndinamuuza. “Msiye alankhule.”

Minibasi ija inatitula pa Ngabu, ati anthu achepa sangapitirire. Tinakhala pakhonde la golosale dzuwa likukwera, kutentha kwa kwathu kuno kumene mukukudziwa, koti ngakhale mbuzi zimalimbirana mthunzi wa njinga. Basi yoti ibwera posachedwa sinabwere. Masana kunafika lole ya matola yopita ku Nsanje, itanyamula matumba a simenti ndi anthu pamwamba. Zuze anandikankha kumbuyo, amuna awiri anandikoka m'mwamba, ndinakafika pamatumbapo ngati thumba linanso.

Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wonenepa, wogulitsa nsomba zouma, dzina lake a Dorika. Ankabwerera kwawo ndi madengu opanda kanthu, koma fungo la milamba linali lisanatsike. Pakamwa pawo sipankatsekeka. Atangoona mapazi a Zuze anayamba.

“Achimwene, kutentha konseku? Muphika mapaziwo, tidyera chiyani?”

“Azolowera, amayi.”

“Kaya akazi anu azolowera?”

“Sanakwatire,” ndinayankha ine.

“Ndiye mukudabwa?” anatero a Dorika, lole yonse kuseka, Zuze yemwe n'kusekerera.

Pa Bangula tinaima nthawi yaitali, dalaivala akudya ndi kutsutsana ndi munthu wa mbuzi amene ankafuna mbuzi zake zikhale kutsogolo. Kuchoka pamenepo msewu unali wafumbi ndi mabampu. Fumbi linatipaka tonse mtundu umodzi, moti ukanati tonse ndife ana a mayi mmodzi. Ine ndinkangoti Yesu, Yesu, pa dzenje lililonse.

Titayandikira Tengani, lole inatsokomola, kutsogolo kunatuluka nthunzi, n'kuima. Dalaivala, bambo wamfupi wa chipewa chong'ambika, anatsegula kutsogoloko n'kunena kuti injini yawira, ikufuna madzi. Atatenga chigubu chake anapeza chabooka, madzi onse anathera mumsewu. Madzi analipo, chithaphwi chinkaoneka kumunsi kwa msewu, kuseri kwa munda wa mchewere. Chosowa chinali chotungira. Pa anthu onse aja panalibe wa ndowa kapena poto. Midzi inali patali ndithu. Bambo wina anayesa jumbo, inaphulikira panjira. Wina anati madengu a nsomba.

“Dengu litunge madzi?” anatero a Dorika. “Sukulu munapita yausiku? Ndowa ndi izo wavala mnyamatayo!”

Anthu onse anayang'ana mapazi a Zuze. Ine ndinkadziwa kuti jombozo sazigwiritsa munthu. Koma iye anakhala pamwala n'kumasula ya kumanja. Phazi linatuluka loyera mbuu, lofewa ngati la khanda.

“Vulani zonse tifulumire,” anatero dalaivala.

“Imodzi imatsala. Zikavuta munthu umathawako ndi theka.”

Anatsika yekha, akutsimphina phazi limodzi lili pansi, n'kumatunga. Amuna anandanda m'kanjira kupatsirana jomboyo mpaka kwa dalaivala. Sinadonthe ngakhale pang'ono. A Dorika anati injiniyo ikamwa madzi amenewo idzuka ndi fungo lokha, ndipo ikafika ku Nsanje osaimanso pofuna kuthawa.

Ine ndinatsikira kuchithaphwiko ngati ndikukasamba kumaso. Pamatope panali chidindo cha phazi la Zuze, choonekera bwino. Ndinathyola kaudzu, kuyeza kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kukamangirira pamfundo ya chitenje. Chimene ndinachitira zimenezo sindinkachidziwa bwinobwino. Ndimati ndi Mzimu unandinong'oneza.

Dalaivala anati tidikire injini izizire kaye. Tinakhala pansi pa mtengo wa masawu, Zuze akukhutula jombo yake n'kuivala yonyowa yomweyo. Mwina chifukwa anthu anamuthokoza, pakamwa pake panamasuka, n'kukamba zimene kunyumba sankakamba.

“Anthu amaganiza kuti nkhondo ndi kuwombera tsiku ndi tsiku,” anatero. “Ayi. Nkhondo ndi kuyenda ndi kudikira. Mumayenda thumba la mapira lili pamutu, osadziwa kumene mukupita. Mukafika amati dikirani. Mumadikira mukuphana nsabwe. Kuphika ndi nkhuni zouma zokhazokha kuopa utsi, moto wokumbira m'dzenje. Mchere ukapezeka unali ngati Khirisimasi. Tinkadya nyika, mizu ija ya m'madambo, malambe, mbewa, china chilichonse chosathawa msanga.”

“Nanga jombozi anakupatsani aboma?” anafunsa a Dorika.

“Boma liti? Zaka zoyamba ndinayenda chosavala, matekenya akuchita misonkhano m'zala. Izi zinali za mnzanga Mateyu. Iyeyo anali wamkulu kwa ine, ndiye anandiphunzitsa zonse. Mchere umabisa m'jombo, chinangwa chootcha umabisa m'jombo kuti akuluakulu asakulande. Ukavula pogona, m'mawa upeza muli chinkhanira, kapena osazipeza n'komwe, mnzako wavala. Ndiye suvula.”

“Ali kuti Mateyuyo?”

“Anafa. Osati ndi chipolopolo, ndi kutsegula m'mimba basi. Ataona kuti sadzukanso anandiitana, anati vala izi mphwanga, zikakufikitse kwanu. Zinali zazikulu, ndinkaikamo masanza. Kenako mapazi anakula n'kuzidzaza.”

Bambo wa jumbo uja anafunsa kuti, “Nanga inu munapha angati?”

Zuze anayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi kamtengo. Ndisanatsegule pakamwa, a Dorika anam'tembenukira bamboyo.

“Inu jumbo yakukanikani, mufuna kunyamula zimenezo? Tolani masawu mudye.”

Kenako anatsitsa mawu, kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo. “Koma achimwene, mwambo wa kwanu mukuudziwa. Kwathu kuno obwera kunkhondo tawaona. Salowa m'mudzi ndi kanthu ka kutchire. Amakuvula, amakusambitsa mankhwala, zonse amawotcha, kuti zimene zinakutsata zibwerere.”

“Malaya atenge,” anatero Zuze. “Buluku atenge. Jombo ayi.”

“Ndiye mukagona kunja kwa mpanda ndi jombo zanuzo.”

Lole inadzuka, ndipo monga ananenera a Dorika, sinaimenso mpaka ku Nsanje. Tinagona kwa mkulu wa mpingo wathu amene anatilandira ngati abale, Mulungu awadalitse kumene ali. M'mawa ndinanamizira kukagula mandasi, ndinalowa mumsika ndi kaudzu kanga. Wogulitsa nsapato anadabwa kuona mayi akuyeza mapatapata ndi udzu, koma tinapeza obiriwira okwana ndendende. Ndinawabisa pansi pa mchere.

Kuchoka ku Nsanje kupita kumalire pa Marka tinakwera njinga zonyamula anthu. Wondinyamula ine ankadandaula pa chitunda chilichonse kuti anayenera kulipiritsa pa kulemera. Ndinamuuza kuti wolemera ndi tambala. Pachipata cha kwathu sanativute. Cha kutsidya ndiye tinadikira, poti wodinda mapepala anali atapita kukamwa tiyi, ndipo tiyi wake anali wa mtunda wautali. Atabwera anali bambo wowonda wa nsapato zong'ambika kutsogolo. Anayang'ana ine, anayang'ana tambala, maso n'kukakamira pa jombo za Zuze. Anafunsa m'Chisena kuti, “Unali mbali iti?”

Ndinayamba kupemphera chamumtima. Zuze anati, “Mbali ya njala, baba.”

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye tinali gulu limodzi. Pitani, mukapereke moni kumudzi.”

Kutsidyako galimoto inali thirakitala yokoka ngolo. Tisananyamuke woyendetsa anaimirira ngati mlaliki n'kutichenjeza kuti aliyense asapatuke mumsewu ngakhale phazi limodzi, chifukwa mabomba okwirira pansi anali asanachotsedwe onse. Wofuna kutaya madzi achite pakati pa msewu pomwepo. Ndiye tikaima, amayi tinkazungulira mnzathu ndi zitenje, abambo onse n'kuyang'ana kumwamba ngati akuyembekeza mvula. Ndinaseka, koma m'mbali mwa njira munali magalimoto opserera, udzu utamera m'kati, ndi nyumba zopanda madenga. Zuze ankangomanga ndi kumasula zingwe za jombo.

Tinatsika dzuwa litapendeka, n'kutsata kanjira koponda anthu mpaka pamtengo waukulu wa malambe. Pamenepo tinakumana ndi amalume ake, a Fombe, nkhalamba yaitali ya ndodo. Uthenga unali utatsogola. Anatiimitsa pomwepo, nyumba zikuonekera patsogolo. Anthu anasonkhana chapatali. Kenako atsikana awiri anabwera akutsogolera mayi wamng'ono thupi, maso oyera, n'kuwakhazika pamphasa.

Zuze anayenda pang'ono kuti awayandikire. Mayiwo anatembenuza nkhope.

“Ndamva jombo,” anatero. “Amene anatenga mwana wanga ankamveka choncho.”

“Mama, ndine Zuze.”

“Mawu amenewo sindikuwadziwa.”

Anatchula dzina la bambo ake, la mlongo wake, ngakhale la mbuzi imene ankaikonda. Mayiwo anati zimenezo aliyense wa m'dera lino angazidziwe. Ndiye ndinagwada ine, n'kupereka moni m'Chisena changa chothyokathyoka. Ndinawauza kuti mwanayu wakhala pakhomo panga zaka, sanabepo, sanamenyepo munthu, amalima kuposa ana anga obereka, ndipo dzina la mayi ake silichoka pakamwa pake.

“Takhuta, mayi,” anathokoza m'Chisena. “Mawu anu ndi a munthu wabwino. Koma inu munam'peza wamkulu. Wanga ndikumudziwa ine. Avule.”

A Fombe anagogoda ndodo pansi. “Zonse za kutchire zitsala pano. Moto tasonkha kale uko.”

Zuze anaima ngati chitsa. Thukuta linkatsika m'ndevu. Anati, “Amalume, izi ndi za mnzanga amene anandisunga. Ndikaziwotcha ndiye kuti ndamutaya kawiri.”

“Ndiye bwerera nazo,” anatero a Fombe.

Ndinaona mwana wanga akuyang'ana kanjira kamene tinadzera, ndipo ndinadziwa kuti akhoza kubwereradi. Ndinamasula katundu wanga, mchere n'kutayikako pang'ono, ndinatulutsa mapatapata aja n'kuwaika patsogolo pake.

“Zuze mwananga, Mateyu anati chiyani pokupatsa?”

“Anati zikandifikitse kwathu.”

“Nanga pano ndi pati?”

Anayang'ana mapatapata, anayang'ana nyumba zija. Kenako anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kumasula. Ya kumanja inatuluka msanga. Ya kumanzere anachedwa nayo, koma inatuluka. Kwa nthawi yoyamba ndinaona mapazi ake onse awiri pamodzi, ndipo ndinaona kuti kuphazi la kumanzere kachala kakang'ono kanali kodukira pakati.

Mayi aja anati, “Bwera nawo kuno.” Anakhwekhwereza thako mpaka pamphasa n'kuwatambasulira miyendo. Anagwira phazi la kumanja, kulisisita, kulisiya. Anagwira la kumanzere. Zala zawo zinayenda kuchokera kuchala chachikulu, chimodzichimodzi, mpaka zinafika pa kachitsa kaja. Zinaima pamenepo.

“Khasu langa,” anatero motsitsa. “Ankanditsatira kumunda akukwawa, ine osamuona. Khasu langa lomwe.” Kenako anakuwa, “Zuze! Mwananga Zuze!” n'kulikumbatira phazilo pachifuwa ngati khanda.

Zimene zinachitika pamenepo sindingazilembe bwino, poti nanenso maso anali atadzaza. Nthungululu, kulira, anthu kuthamanga. Tambala anapulumuka m'manja mwanga n'kulowa m'mudzi yekha, woyamba pa tonsefe.

A Fombe ndi akuluakulu anapita naye kuseri kukamusambitsa monga mwa mwambo wawo. Ine ndinagwada pansi pa mlambe n'kuchita mwambo wanga, kuthokoza Iye amene anatidutsitsa pa Tengani ndi pachipata. Ndinapemphereranso Mateyu, ndi mayi ake kumene ali. Zuze anabwera atavala zovala za msuweni wake ndi mapatapata obiriwira, akuyenda monyang'ama ngati mwana wophunzira kumene. Jombo anaziika pamoto yekha, ndi manja ake. Zinakana kuyaka, zinkangofuka utsi wakuda umene unakuta mudzi wonse. Mayi ake anatseka mphuno n'kufunsa kuti, “Kodi nkhondo imanunkha chonchi?”

“Ayi mama,” anatero Zuze. “Amenewo ndi mapazi anga chabe.”

Ndinakhalako masiku angapo. Tambala sanaphedwe, mayiwo anati akhale wa mbewu, anapha mbuzi m'malo mwake. Tsiku lobwerera, thirakitala inamveka kumsewu masana, msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Ndinatenga kathumba kanga n'kuyamba kufunafuna Zuze kuti titsanzikane. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba, pamphasa, mumthunzi wa bwemba. Anali m'tulo chagada, pakamwa yasa, mapatapata ali uko, mapazi ali pamtunda. Pakhomo panga zaka zonse zija, tsamba likangogwa iye anali atadzuka kale. Apa tambala uja ankamujompha pa kachala kodukako, kenako anakweza khosi n'kulira pafupi ndi khutu lake. Zuze sanagwedezeke n'komwe.

Mayi ake anali atandigwira mkono. Anati, “Ndimudzutse, angadandaule kuti mwapita osamuona.”

“Ayi, mayi,” ndinatero. “Msiyeni. Tulo timeneti wakhala akutifuna kuyambira kale.”

Ndinayenda chonyang'ama mpaka ndinatuluka pakhomopo, ndipo nditafika pa mlambe ndinathamanga, thirakitala ingandisiye.